Hotisipoti ya Mkamwini Wosalowa M'nyumba

Zaka zisanu ndi ziwiri bana Luse, ndiye kuti amake a Luse, a ku Mtendere mu Lusaka, akhala akumuimika mkamwini wawo Moven pa geti ngati wogulitsa makala. Koma Loweruka limenelo, itatsala mphindi khumi kuti ikwane 3 koloko masana, munthu yekhayo amene akanawapulumutsa anali wa pa getiyo.

Nkhani yake inali ya nyumba. Abale ku Kasama anagwirizana zokumana pa vidiyo 3 koloko kuti agamule za nyumba ya malemu mayi awo, ija ya mitengo inayi ya mango, kumene bana Luse ankati adzakapumira mawondo akadzatopa ndi kugulitsa pamsika chikanda, chakudya chija cha chinaka ndi nsinjiro. Mlongo wawo, ba Kapembwa, ankaifunira mwana wake, ndipo uthenga wake sunazungulire: amene nkhope yake sioneka pa vidiyo, ndiye kuti wavomera.

Chida chinalipo: tabuleti yaikulu ngati thireyi, mphatso ya Ngosa, mkamwini winayo wa ku migodi ya ku Solwezi, amene dzina lake bana Luse ankalitchula pafupipafupi kuposa la Ambuye. Kungoti thireyiyo inalibe polowetsa simu khadi, ndipo popeza magetsi anali atangobwera kumene, inkayaka pokhapokha ili pa chingwe, pa soketi ya kuseri kwa sofa. Kafoni kawo ka mabatani sikadziwa n'komwe kuti vidiyo n'chiyani. Mwana wawo Luse, ali ku ntchito ku saluni, anangoti atumiza mwamuna wake ndi hotisipoti, n'kudula foni.

Tsono pali mwambo wa kwawo kwa bana Luse woti mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi, sadya pamaso pawo, mpaka atamuchitira phwando lomulowetsa. Ambiri mu Lusaka anausiya kalekale mwambowu, koma iwo anausungira Moven yekha. Ngosa anamulowetsa chaka chisanathe, ndi ng'oma zomwe. Moven, wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga, mwana wa ku Katete, anawapangira felemu ya chitseko n'kuiika ataima panja, ndipo mpaka lero anali asanaidutsepo. Ngakhale kuyankhula naye maso ndi maso ankakuona ngati kudzitsitsa, choncho mawu ankawadutsitsa pa dramu yabuluu ya madzi imene inali pakhomo.

"Iwe dramu," anatero bana Luse atasuzumira pawindo, "uza muntu uyo ali pa geti ayase vintu vake."

Moven ananjuta, foni ili m'dzanja lamanja, lamanzere pachifuwa.

"Dramu, bauze amayi kuti nayasa kudala. Bafune zina yakuti Moven Zinsimbi."

"Palibe."

"Dramu, siingaoneke. Nili kutali."

"Nanga si wayalesi? Wayalesi yanga imagwila Kitwe ili pa kabati."

"Iyi ni ina, dramu. Iyi imafuna muntu ali pafupi."

"Pafupi na ndani?"

"Na amayi."

Bana Luse anagwira pakamwa. "Dramu, wamvela mwano?"

Dramu sinayankhe. Iwo anaponya diso pa foniyo, yakale, yomangidwa ndi kamphira, chala chachikulu cha Moven chitaidina pakona. Ankaidziwa mbiri yake. Luse anadandaulapo kuti ukangochotsa chala imazima, ndipo kuti iyakenso imafuna mphindi khumi ndi pemphero.

"Iwe dramu, ikali ija foni yamene imazima ukachosa chala?"

Moven anayang'ana dramu, n'kutsegula pakamwa.

"Basi, basi, naona kale chala. Bantu bodya mbeba aba, chilichonse chao ni chofinya."

"Dramu, lelo nadya kapenta."

"Sininafunse! Basendele sitepu imozi."

Moven anaponda sitepe imodzi, n'kuima.

"Palibe. Ina."

Anaponda ina.

"Ala! Bayenda monga bali pa ukwati. Basendele chabe mpaka nikambe!"

Moven anasendera, kudutsa pampopi, kudutsa mbaula, n'kuwerama pansi pa chingwe choyanikira zovala. Chingwecho ndiye chinali malire kuyambira kale. Bana Luse atangoona mutu wa mkamwini watulukira pakati pa zitenje zawo, pakamwa panathamanga pokha.

"Ulemu!"

Moven anatembenuka ngati walumidwa ndi mavu, liwiro mpaka pa geti, n'kunjutanso. Dzina limene linali litangoyamba kuoneka pa tabuleti linazimiririka.

"Mayo ine! Bayenda kuti?"

"Dramu, amayi bati ulemu."

"Ulemu wa pafupi!"

"Dramu, uja sibananipunzise. Niziba chabe wa pa geti."

Koloko ya pakhoma inati kwatsala mphindi zinayi. Bana Luse anasuzumiranso pawindo.

"Babwele pa windo. Bankale pansi, bayangane ku chimbuzi, osati kuli ine."

Moven anabwera, nakhala pansi pa windo, msana kukhoma, maso ku chimbudzi, dzanja la foni m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho.

"Yaoneka. Manje ifuna pasiwedi."

Moven anakanda m'mutu.

"Dramu, nati pasiwedi!"

"Dramu," Moven anatsitsa mawu, "ni nizangena."

"Bazangena kuti?"

"Ni pasiwedi chabe, dramu. Tumalemba tung'ono tonse."

"Pasiwedi ya bantu ni ma namba! Ya ba Ngosa ni siku yamene banayamba nchito ku maini."

"Ine ku maini sinisebenza, dramu."

"Chamene icho tiziba tonse."

Analemba ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse akuchibaya ngati akupha nsikidzi. Tabuleti inaganiza, inaganiza, kenaka nkhope ya ba Kapembwa inadzaza thireyi yonse, kumbuyo kwawo kuli abale ataunjikana pa benchi, ndi mitengo ya mango ija ikugwedezeka. Mtima wa bana Luse unachita kuti thi poiona mitengoyo. Iwiri anaibzala okha ali mtsikana.

Ba Kapembwa atawaona achemwali awo, nkhope inagwa pang'ono, koma anati tiyambe ndi pemphero. Ndipo amene amawadziwa ba Kapembwa amadziwa kuti pemphero lawo limayambira kwa Adamu.

Ali pa Nowa, panja panalira kanthu: tii-tii.

"N'chani icho?" ananong'ona bana Luse, diso limodzi lotsegula.

"Dramu, ni batili. Yasala folo pesenti. Hotisipoti imadya maningi."

"Sibanachaje?"

"Malaiti yanayenda kuseni na ku Kalingalinga. Koma chaja nili nayo mu tumba. Amayi, kapena niike chabe foni pa..."

"Musachose chala!"

"Koma amayi..."

"Nati musachose! Ikazima apa, nyumba yayenda. Dramu, uza muntu uyo, chala chikachoka, na yeve achoke mu banja."

Moven anadina chalacho mpaka chikhadabo chinayera.

"Ponyani ntambo pa windo, nilumikize."

Moven anatulutsa chaja n'kuionetsa m'mwamba. Chingwe chake chinali chachifupi ngati mchira wa mbuzi. Kuchokera pawindo kukafika ku soketi panali masitepe atatu abwino.

"Dramu, kulibe ekisitenshoni?"

Bana Luse anayang'ana kudenga.

"Dramu, ija yoyela yamene ninagula?"

"Ba Ngosa banabweleka pa Khisimisi."

"Oho."

"Osati oho! Bazabweza!"

Ba Kapembwa anali atafika pa Abrahamu. Tii-tii.

"Fili pesenti, dramu."

Bana Luse anayang'ana soketi, anayang'ana chitseko, anayang'ana mitengo ya mango. Anapita pakhomo n'kutsegula chitseko chonse. Dramu anaidumpha ndi maso. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri, anayankhula ndi munthuyo mwini wake.

"Ba Moven. Ngenani."

Moven anacheukira dramu.

"Osayangana dramu, ndine nikamba! Ngenani, muchaje."

Anaimirira, nafika pakhomo, zala za kumapazi zitagunda felemu yake yomwe, n'kuima pomwepo.

"Siningakwanise, amayi."

"Mwendo wachita chani?"

"Mwendo uli bwino. Koma munakamba pa ubatizo wa mwana wanga Nsama, pamenso pa bantu, kuti siku yamene nizaponda mu nyumba muno kopanda mwambo, muzatenga Luse na muzukulu wanu, ine nizasala na vinsimbi vanga."

"Ninakamba chabe!"

"Munalapa na Baibo, amayi. Ija yofiila."

"Lelo nakululukilani."

"Munakamba futi kuti olo mukazakamba mweka kuti ngenani, nizibe kuti ni mayeso."

Zoona, ananenadi. Ankanyadira tsiku limenelo kuti atseka mabowo onse, osadziwa kuti akudzitsekera okha.

"Si mayeso! Ni batili!"

"Mayeso yamabwela mosiyana-siyana, amayi."

"Imwe, mutu uyu muli nzelu olo muli waya?"

"Luse ni mukazi wanga, amayi. Nyumba ya ku Kasama siniiziba."

Ananena mofatsa, maso pansi, ndipo bana Luse anasowa pomugwira. Anafuna kumukoka ndi kolala, koma kukhudza mkamwini ndiye kunali koipa kuposa kumulowetsa. Tii-tii.

"Tuu pesenti."

"Chabwino! Mwambo mufuna? Mwambo muzauona!"

Anathamangira kukhitchini, nabwera ndi mbale ya chikanda chimene chinatsala kumsika dzulo, n'kumutambasulira.

"Tengani. Mwangena. Yasila."

"Pa ba Ngosa panali ba mboni, amayi. Munakamba kuti kopanda babululu, ba banja, si mwambo, ni kudya chabe."

"Babululu nizabapeza kuti na tuu pesenti?"

Moven analoza ndi chibwano ku sofa. Pa tabuleti ba Kapembwa anali atangoti ameni, ndipo abale onse pa benchi anali kutsegula maso.

Bana Luse anaitembenuza tabuleti kuti iyang'ane kukhomo, nalengeza m'Chibemba, mwaliwiro ngati wowerenga chidziwitso cha maliro pa wailesi, kuti nkhani ya nyumba isanayambe, ali ndi kanthu kakang'ono: akulowetsa mkamwini. Ku Kasama kunabuka phokoso. Azakhali ena okalamba, a duku loyera, anasendeza nkhope pafupi mpaka pa thireyi panangotsala mphuno, n'kufunsa kuti kodi ndi uja wa pa geti. Anati ngati ndi iyeyo, mwambo umafuna kuti apongozi anene zabwino zake onse akumva.

"Vabwino vake," anatero bana Luse, mano ali pamodzi. "Ee. Muntu uyu... samwa moba."

"Nimamwa pang'ono pa Sondo, amayi."

"Nkalani zii! Muntu uyu ni olemela mu mutima."

"Ba dokota banati mutima uli chabe bwino."

"Lesa wanga! Muntu uyu..." Anayang'ana uku ndi uku kufuna bodza lina loti limukwane, koma maso anagwera pa felemu. "Chiseko ichi anapanga ni yeve. Na ma waya ya pa windo, pamene bakawalala banangena kwa ba neba."

Moven sanatsutse.

"Mbaula yamene nipikila chikanda, ni yeve. Pamene ninadwala sabata zitatu, mankwala yanali kufika pa geti kuseni kulikonse, na mvula yonse. Mwana wanga sanabwelepo kuno na misozi, olo siku imozi."

Anadikira kuti awakonze. Moven anali chete, chala pa foni, maso pa simenti. Apa bana Luse anachita manyazi enieni, otentha kumaso, chifukwa anafufuza m'mutu chimene Ngosa anabweretsapo kupatula thireyi yopanda simu khadi, ndipo chimene anakumbukira ndi ekisitenshoni yokha. Manyaziwo anawakwiyitsa kwambiri.

Tii-tii.

"Wanu pesenti, amayi."

"Ndiye tengani chikanda mudye!"

"Na kwanja imozi? Munakamba kuti olandila na kwanja imozi analeledwa na mbuzi."

"Landilani na yabili!"

"Munakamba nisachose chala."

Ku Kasama benchi yonse inali itasendera kutsogolo. Bana Luse anatseka maso, anabudula chikanda ndi zala zawo, zala zomwe zinamuloza munthuyu zaka zisanu ndi ziwiri, n'kumuika m'kamwa ngati khanda.

Moven anatafuna mosafulumira.

"Mezani!"

Anameza. "Pa ba Ngosa panali na ntungululu."

Nthungululu imene inatuluka pakhosi pa bana Luse inali youma ngati kulira kwa chitseko chopanda mafuta, koma azakhali a ku Kasama anailandira, akazi onse pa benchi n'kuikweza mpaka tabuleti inanjenjemera. Moven anakweza phazi lamanja, nadutsa felemu yake, nayang'ana denga, makatani, chithunzi cha ukwati wa Ngosa pakhoma.

"Muli bwino muno, amayi."

"Soketi, imwe!"

Analumikiza. Koma chingwe cha mchira wa mbuzi chija sichikanalola munthu kukhala pansi kapena pampando wina. Malo okhawo anali pa sofa, phewa kugundana ndi phewa la apongozi. Anakhala. Foni inati ting, kamphezi n'kuoneka pakona.

Ba Kapembwa anakonza kukhosi, nanena kuti poti zosangalatsa zatha, nyumba ija onse aona kuti ndi bwino ipite kwa mnyamata wawo, ndipo ngati palibe wotsutsa...

Analipo. Ukali wonse umene bana Luse anausunga kuyambira pa geti, umene sakanathanso kuuthira pa mkamwini wolowetsedwa, unapeza njira ya ku Kasama. Anawakumbutsa ba Kapembwa amene anasamalira mayi awo miyezi isanu ndi itatu yomaliza, amene anafolera denga la kuchipinda, amene anabzala mango. Anawakumbutsanso kumene ba Kapembwawo anali nthawi imeneyo, ndi dzina la bala imene ankamwerako mowa. Anayankhula mphindi makumi awiri osapuma, ndipo chithunzi sichinadukepo ngakhale kamodzi. Pamapeto pake azakhali a duku loyera anagamula kuti nyumba idikira mwini mango, ndipo mnyamata wa ba Kapembwa ali ndi manja, akaumbe njerwa.

Bana Luse anatsamira sofa, thukuta lili chuchuchu, mtima uli mbee. Anatembenuka kuti anene kanthu kwa mkamwini, mwina kabwino, mwina ayi, iwo eni anali asanasankhe.

Moven anali ndi mbale pamiyendo. Dzanja lamanzere linagwira mbale, lamanja linali kubudula chikanda chomaliza. Foni inali yokha pa mkono wa sofa, yowala bwinobwino, ndipo pa tabuleti ba Kapembwa anali akadali kupukusa mutu.

Bana Luse anayang'ana foni. Anayang'ana chala. Chinali ndi tsabola.

"Bashi Nsama," anamuitana mwaulemu wa kwawo, kutanthauza bambo a Nsama.

"Amayi."

"Foni siinazime."

"Awe, siizima. Luse anaipeleka kuli ba fundi bokonza mafoni mu Juni. Chala ni chizolobezi chabe."

"Mu Juni."

"Ee, amayi."

"Kansi sembe munaika chabe pa windo, ine natenga, nachaja neka, imwe muli ku geti?"

"Sembe inasebenza bwino maningi."

"Nanga pamene ninafunsa ngati ikali kuzima, munalekela chani kukamba?"

Moven anapukuta chala pa buluku, natambasula miyendo pa kapeti ya apongozi ake.

"Munafunsa dramu, amayi. Dramu siinazibe."